Za Gudumu Lija Munaliona pa Chithunzi

Dunoon, Cape Town

Okondedwa achimwene a Vincent,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu anga ndi ana kumeneko ku Thambani. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kudimba? Ife kuno tadzuka bwino, kungoti mphepo ya kunyanja ikuwomba ngati tinailakwira. Kalatayi ndapatsira a Mahmud, dalaivala wa thiraki amene amadutsa pa boda ya Mwanza, ndiye ikafika ikununkha dizilo musadabwe. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni netiweki imadula nkhani pakati, munthu n'kutsala ndi theka loipa lokhalokha.

Ndamva kuti chithunzi chija ndinaika pa WhatsApp chautsa mapiri pachigwa. Akuti Iness ndi mwamuna wake akukwera magudumu a azungu pamene apongozi akusakasaka wogula munda wa manachesi kuti atitumizire ndalama yobwerera kumudzi. Sindikukana, ndikanakhala kumeneko nanenso ndikanayankhula. Koma tamvani kaye mmene zinakhalira.

Mukudziwa kuti alamu anu a Stafford anagwa pa nsanja ya zitsulo chaka chatha akupenta nyumba yosanja. Mwendo unapola. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti mantha sanawachoke. Munthu amene ankagwira ntchito m'mwambamwamba akuimba nyimbo za kwaya anafika poopa kukwera pa mpando kuti asinthe babu. Kapitawo wawo, munthu wachifundo, anawaitana kuti ayambirenso, koma atangoima patsinde pa nsanja thukuta linangoti kamukamu, n'kubwerera kunyumba.

Kuyambira pamenepo ankangokhala m'nyumba, chitseko chotseka. Ndikachoka m'mawa kukachapa ndi kusita kwa abwana, madzulo ndinkawapeza pomwe ndinawasiya. Tsiku lina anandiuza kuti kuli bwino ndipeze mwamuna wina wotha ntchito. Mawu amenewo anandipweteka kuposa njala.

Tsono za gudumulo. Lili kudoko, kumene kumakonda kupita alendo oona malo, ndipo ndinaliona koyamba nditaperekeza ana a abwana. Taganizani gudumu la njinga, koma lotalika kuposa bulugamu aliyense amene munamuonapo, m'mphepete mwake mutalendewera tizipinda ta magalasi. Anthu amakhala m'menemo, ilo n'kumazungulira pang'onopang'ono. Ndinaganiza kuti m'kachipinda kotseka chonchi munthu sangagwe, komanso sangathawe.

Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi ndinawanyengerera kuti tikaone zombo. Titafika ndinagula matikiti iwo asanazindikire. Mtengo wake sindibisa, achimwene: ndalama ya awirife ikanatigulira ndiwo za sabata yathunthu. Ataona matikitiwo anakwiya, nati ndawabweretsa kuti anthu adzawaseke. Ndinawauza kuti ndalama sabweza, ndiye ngati sakwera ndikwera ndekha kawiri. Mukuwadziwa alamu anu pa nkhani yowononga. Analowa.

Chitseko chitatsekedwa anatsinzina, n'kundigwira mkono mpaka zala zawo zinadinda. Nanenso ndinkaopa, musaganize kuti ndine wolimba mtima. Kuzungulira koyamba konse sanatsegule maso, milomo yokha ikugwedezeka ndi pemphero. Ndinayamba kudziimba mlandu kuti mwina ndatosa bala.

Pozungulira kachiwiri ndinayamba kuwafotokozera zimene ndinkaona: phiri lalikulu la kuno lathyathyathya pamwamba, zombo zonyamula katundu, anthu pansi ang'onoang'ono ngati nthanga za mpiru. Iwo ali chitsinzinire. Kenako ndinaona nyumba ina yayitali imene ndinkadziwa bwino lomwe kuti anaipenta ndi iwo, chifukwa anandionetsapo tili m'basi. Ndinanena mokweza kuti kuli nyumba yachikasu uko, penti wake wonyansa, kaya anapaka ndani.

Anatsegula diso limodzi. Anafunsa kuti nyumba iti. Nditaloza, anatsegula lachiwiri, nati imeneyo si yachikasu, ndi ya kirimu, ndipo palibe khoma losalala ngati limenelo m'tauni monsemo. Anayamba kuloza zina: iyo anapenta atangofika kumene, inayo ndi pomwe anagwira ntchito mvula ikugwa. Posakhalitsa anali ataimirira, chipumi pagalasi, mkono wanga atauiwala. Mzungu wina wachikulire amene tinali naye m'kachipindamo sankamva chinenero chathu, koma ndi amene anapempha foni yanga n'kutijambula. Ndicho chithunzi munachionacho. Gudumu litaima kuti titsike, alamu anu anadandaula kuti latha msanga.

Ndamva kuti munafunsa ngati kukwera chinthu chimenechi n'koyenera ndalama yake. Kwa munthu wongofuna kuona tauni, ndinganene kuti ayi. Usanakhazikike n'komwe, akukutsegulira chitseko kuti utsike. Kukwera phiri n'kwaulere, ndipo umaona kutali kuposa pamenepo. Ine sindidzakweranso, pokhapokha mwana wathu Tiyese atabwera kudzacheza. Koma pa ndalama zonse zimene ndagwira chifikire kuno, imeneyi ndi imene sindidandaula nayo.

Sindikunena kuti achiriratu. Nthawi zina amadzidzimukabe kutulo. Koma Lolemba lotsatira anavala ovolosi n'kupita okha kwa kapitawo. Awayambitsa pansi, kupenta mipanda ndi zipinda zamkati, ndipo sabata yathayi anakwera nsanja yoyamba. Anabwera madzulo ali penti yekhayekha, akulalata kuti anzawo atsopanowa sadziwa kusakaniza mitundu. Ndinapita kuseri kukalira, chifukwa kunali kutatenga nthawi ndisanamve munthuyu akulalata.

Mavuto ang'onoang'ono sasowa. Denga likudontha pamwamba pa bedi penipeni, ndipo mwini nyumba amangoti mawa. Mataxi akanyanyala ntchito ndimayenda mtunda wautali wapansi. Koma izi ndi zopirika.

Pempho langa ndi limodzi. Pitani nokha kwa apongozi, musatume mwana, mukawawerengere kalatayi. Muwauze kuti mwana wawo wayambanso ntchito ndipo asagulitse munda wa manachesi. Mitengo imeneyo anabzala ndi malemu apongozi aamuna, ndipo ndi imene imawadyetsa chaka ndi chaka. Ngati wogula wina wa kuboma wabwera kale kudzaona, mumubweze mwaulemu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mitengoyo ikapita sidzabweranso. Kumudzi tidzabwera ndithu, koma tidzadzilipirira tokha basi, Mulungu akalola.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mankhwala opaka miyendo ndatumiza limodzi ndi kalatayi. Moni kwa alamu anga, kwa amalume, kwa azakhali a ku boda ndi ana onse. Tiyese mumuuze kuti alimbikire sukulu ndipo azimvera agogo ake.

Alamu anu ali panja pano akutsuka mabulashi. Akupereka moni, ndipo akuti ndilembe kuti m'gudumu muja sanaope ngakhale pang'ono, ankangopumitsa maso. Ndalemba monga anenera.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Iness