Ndemanga za abale pa tsamba langa la zosoka

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino nonse. Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine kuno ndilipo, kungoti thupi lakana. M'mawa ndimakolopa m'maofesi, masana ndimathamangira kusukulu ya zosoka, ndipo pofika kunyumba msana umakhala ngati si wanga.

Chimene ndalembera ndi nkhani ya tsamba lija. Aphunzitsi athu anatiuza kuti aliyense atsegule tsamba pa intaneti, aziikapo zithunzi za chilichonse chimene wasoka, kuyambira podula nsalu mpaka popinda mpendero. Akuti masiku ano munthu asanakuone nkhope amayamba waona tsamba lako. Kumapeto kwa mwezi uno kubwera mayi wina wa shopu ya madiresi a ukwati, ndipo adzatenga wophunzira mmodzi yekha poyang'ana masamba omwewo. Ndikangopeza malo amenewo, chokolopera ndachitaya.

Ndavutika nalo tsambali, achemwali. M'chipinda mwanga ndi mwamdima, ndiye ndimapachika diresi pa chitseko cha panja, n'kudikira kuti anzanga a pa lendi achotse zidebe ndi zochapa zawo kuti ndijambule. Foni nayonso ndi ija yong'aluka galasi, imafuna kuinyengerera.

Tsambalo ndinakutumizirani kuti muone inu nokha, koma inu munaligawira mtundu wonse. Pano lasanduka khonde la kwathu. Pansi pa siketi ya ana asukulu, amalume analembapo kuti mbuzi yawo yaswa mapasa. Azakhali anaikapo muyeso wa m'chiuno mwawo, ati ndiwasokere chovala cha kutchalitchi. Zimenezi ndinangoseka n'kufufuta.

Chandipweteka ndi cha msuweni wathu wamkulu uja. Pansi pa diresi loyera limene linandidyera maso ndi zala, analemba kuti nditchule mwini wake weniweni, chifukwa iye akundidziwa, ngakhale batani silinkandikhalira pa malaya. Ndikudziwa kuti ndi nthabwala za pachisuweni, ndipo kukanakhala kwathu ndikanamubwezera ziwiri. Koma kuno samudziwa. Aphunzitsi anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati diresilo ndinasokadi ndekha. Kenaka anandiuza kuti ndiphwasule mkono umodzi, ndiulumikizenso iwo akuona, anzanga onse ali maso pa ine. Ndinaulumikiza, koma manyazi ake sanandichokebe mpaka lero. Akanawerenga mayi wa shopu aja, iwo sakanavutika n'kundifunsa, akanangopita pa tsamba la wina.

Pempho langa ndi limodzi. Muwauze onse asiye kulemba pa tsambalo mpaka mayiwo atadutsa. Wofuna kundiseka aziimba foni, ndiseka naye. Muwauze mofatsa, makamaka amalume, asaganize kuti tauni yandipatsa matama.

Aphunzitsi ati ndichotse ndemanga zonse za abale kuti tsamba lioneke la munthu wa ntchito. Ndachotsa, kupatula imodzi. Ndi ija amayi anakuuzani kuti muwalembere pansi pa chithunzi chimene ndagwira sizasi. Za diresi sananenepo kanthu. Anangofunsa chimene chawondetsa manja anga chonchi, komanso ngati ndikudya. Chala ndimachifikitsa pofufutira, koma chimabwerera chokha. Ndatopa kulimbana nacho. Mayi wa shopu akadzaiwerenga, awerenge basi, adziwe kuti manjawa ali ndi eni ake.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana, kwa amalume ndi mapasa awo, kwa azakhali, ndiponso kwa msuweni wanga wa pakamwa uja, ngakhale ndisanamukhululukire. Za kuphwasula mkono zija amayi asamve. Mungowauza kuti ndikudya.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi