Mpaliro wa Mwala Ubwerere kwa Eni Ake

Edmonton, London
3 Novembala

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi. Nanga bondo lija likuvutabe? Mng'ono wanga Esnat anandiuza kuti mankhwala opaka ndinatumiza aja mukugawira anzanu a pabawo, inu n'kumatsimphinabe. Ababa, mankhwalawo ndi anu. Kuno m'thupi tili bwino, ine ndi mdzukulu wanu Taonga, kungoti kuzizira kwayamba, ndipo ikamakwana faifi koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale.

Kalatayi ndalemba pamanja, ndiijambula pafoni kuti Esnat akuwerengereni lero lomwe. Lamlungu lija tinalankhula, ndinatsegula pakamwa kawiri kuti ndikuuzeni nkhaniyi, koma inu munali mukuseka, mawu anandikanika. Ndili pamavuto kuntchito, ndipo mavutowo akukhudza mphatso ija ndinakutumizirani mu Ogasiti, mpaliro wa mwala uja.

Mukukumbukira ndinakuuzani za a Walter, agogo achizungu amene ndakhala ndikuwasamalira kunyumba kwawo kwa chaka ndi theka. Kampani yathu imatitumiza m'makomo mwa okalamba kukawasambitsa, kuwaphikira ndi kuwamwetsa mankhwala. A Walter ali ndi zaka 84. Moyo wawo wonse ntchito yawo inali yosema miyala, kupanga mipaliro monga ankapangira anthu akale a kuno chitsulo chisanadziwike, yokaonetsa ana m'masukulu ndi m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Mwala wake amautcha flinti. Kunja ndi woyera ngati choko, mkati wakuda, ndipo ukabenthuka umacheka kuposa lezala.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli kashedi. Ntchito yanga sinali ya m'kashedimo, koma munthu wake ukamuletsa kulowamo, tsiku limenelo sadya. Ndiye ndinkawakhazika pampando, kuwayalira chikopa pantchafu, ine n'kukhala pambali ndi mapulasitala m'thumba. Amayamba ndi kumenya mwala waukulu ndi unzake wobulungira mpaka pachoke chibenthu chopyapyala. Kenako amatenga nyanga ya nyama ya kuno yonga gwape, n'kumakanikiza nsonga yake m'mphepete mwa chibenthucho. Apa samenyanso ayi, amangokanikiza, kachidutswa kochepa ngati bamba la nsomba n'kuthothoka kunsi. Atembenuze, akanikizenso, choncho mpaka tiyi kuzizira m'kapu.

Povuta ndi pa makutu awiri aja akumbuyo, okowa m'mnofu kuti muvi usazuke. Inu pachitsulo mukalakwitsa mumabwezera pamoto n'kusulanso. Mwala sulola zimenezo. Pakati pa khutu ndi kamchira kolowa m'bango pamafunika kukumba kampata, ndipo ukangowonjeza mphamvu pang'ono khutu limadumpha, ntchito ya masiku angapo yathera pomwepo. Chaka chino manja awo anayamba kunjenjemera. Ndinawaona akuthyola mipaliro isanu ndi umodzi motsatizana, yonse pa khutu lachiwiri. Akathyola sankatukwana. Ankangouponya m'chidebe n'kutenga mwala wina.

Wachisanu ndi chiwiri unawatengera masiku khumi ndi limodzi. Tsiku lomaliza anandipempha kuti ndiwagwirire mkono wa kumanzere kuti usagwedezeke. Ndinagwira, mpweya nditaubanira m'chifuwa, mpaka kachidutswa komaliza kanagwera pachikopa makutu onse awiri ali bwinobwino. Anauyang'ana padzuwa nthawi yaitali, n'kunena kuti umenewu ndi womaliza, manja awo sadzapanganso wina.

Ndinali nditawauza kale za inu, kuti bambo anga ndi wosula, ndipo kale munkasulira alenje mipaliro musanatembenukire ku makasu ndi nkhwangwa. Ankakonda kufunsa za inu kuposa za ine amene ndimawachapira. Amafuna adziwe makala ake, mvukuto wake, ndi mmene mumatulutsira makutu pachitsulo. Ndiye tsiku limenelo anatambasula dzanja, akuti mpalirowu upite kwa bambo ako, mmisiri mnzanga.

Lamulo la kampani ndinkalidziwa. Saloleza kulandira kanthu kwa okalamba amene tikuwasamalira. Koma Ababa, munandilera ndinu. Munthu wa imvi akukuninkha chinthu chimene wachivutikira masiku onsewo, pamwamba pake akutchula bambo ako, ungabise bwanji manja kumbuyo? Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri. Iwo anaseka, kundifunsa ngati ndagwetsa kanthu pansi. Ku ofesi sindinakanene, poopa kuti andiuza kuti ndibweze, ndiwachititse manyazi agogowo.

Mu Seputembala a Walter anagwa m'bafa, tsiku limene sinali shifiti yanga, ndipo anagona m'chipatala milungu itatu. Atatuluka, mutu sunabwerere mwakale. Mwana wawo wamkazi, a Victoria, amene amakhala ku Croydon, anabwera kudzalongosola za m'nyumba. Zikuoneka kuti bambo awo anawatumizira chithunzi cha mpaliro uja tsiku lomwe anaumaliza. Anaufunafuna m'kabati yagalasi momwe mumakhala inayo, m'kashedi, m'matumba a majekete, osaupeza.

Lachitatu lapitali a Victoria anandiitanira pabalaza, bambo awo ali pomwepo pampando. Anawafunsa ngati anaupereka kwa munthu. A Walter anati ayi, zinthu zawo sapatsa munthu. Kenako anandiyang'ana ine, ine amene ndawasambitsa chaka ndi theka, n'kufunsa mwana wawo kuti mayiwa ndi ndani. A Victoria anatembenukira kwa ine, kundifunsa ngati ndikudziwa komwe uli.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa zenizeni, ndipo ndikulemba pano manyazi akundigwira. Ndinati sindikudziwa. Anali mantha, Ababa. Ndinaganiza za lamulo lija, za viza, za Taonga, bodza n'kungotuluka lokha. Ndisanafike n'komwe pokwerera basi ndinali nditazindikira kuti mlandu wa mphatso ndausandutsa ndekha mlandu wa kuba.

A Victoria anakadandaula ku kampani. Sindikuwada ayi. Nanenso chikanasowa chinthu chomaliza cha m'manja mwanu, ndikanatembenuza nyumba yonse. M'nyumbamo timalowamo awiri mosinthana, ine ndi mnzanga Bessie wa ku Zambia, ndipo tonse atiimitsa ntchito mpaka nkhaniyi ikambidwe pa 14 mwezi uno. Bessie alibe mlandu uliwonse. Dzulo anandiimbira akulira, akufunsa kuti munthu wanzeru angabe mwala akatani nawo. Sindinathe kupirira, ndinamuuza zoona. Kenako anati tingogula wina pa intaneti, poti alipo ogulitsa, tikapeze njira youponyera kuseri kwa kabati.

Ndinakana. Inu khasu lanu mumalizindikira pakati pa makasu onse a pamsika, ndipo mwala nawonso ndi chimodzimodzi, pomwe pathothoka kachidutswa kalikonse pamasiya mzere wake. A Victoria anakulira pakati pa miyala ya bambo awo, ndiponso chithunzi ali nacho. Komanso bodza limodzi lija landikwana, sindikufuna kulikwatitsa kuti libereke ana.

Mwina kumudziko zimveka zoseketsa, munthu wamkulu kuchotsedwa ntchito chifukwa cha kamwala kosafika kutalika kwa chala. Koma kuno viza yanga anaimangirira ku kampani imeneyi. Akandichotsa, nditsala ndi miyezi iwiri yokha yopezera kampani ina yondilembera mapepala, ndipo palibe amene angatenge munthu wochoka kwina ndi mbiri yoba m'nyumba ya nkhalamba. Miyeziyo ikatha ndiye kuti ine ndi Taonga tikwere ndege. Mwanayo sindinamuuze. M'mawa ndimavala yunifolomu monga mwa masiku onse, kumuperekeza kusukulu, kenako n'kubwerera kudzakhala m'nyumba kuyang'ana khoma.

Ndatsimikiza mtima kuti pa 14 ndikanena zonse, kuti ndinalandira mphatso, kuti ndinaitumiza ku Malawi, kuti ndinanama, ndiponso kuti Bessie amusiye. Mayi ena a kutchalitchi kwathu ku Tottenham, amene amadziwa za malamulo a pantchito, avomera kundiperekeza. Andiuza mosabisa kuti sangandilonjeze kanthu. Akuti ndikafika nawo mpalirowo uli wathunthu, n'kuuika ndekha patebulo, mwina abwanawo aiona nkhaniyi ngati kuphwanya lamulo chabe, andichenjeze n'kundisiya. Koma ndikapita chimanjamanja, zidzangokhala zonena za munthu amene wanama kale kamodzi, ndipo mboni yanga yokhayo sikundidziwanso.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, Ababa. Ndikupempha mpaliro uja ubwerere kuno. Ndikudziwa kuti kwathu munthu saitanitsa chimene anapereka. Ndikudziwanso kuti mwauonetsa aliyense wobwera pakhomo, ndipo anthu azifunsa kuti wapita kuti. Manyazi amenewo ndakuputirani ndine. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzalanda bambo anga chinthu m'manja.

A Lyson a kutchalitchi kwathu ali ku Lilongwe, ku Area 25, anabwera kudzamanga chiliza cha mayi awo. Akunyamuka pa 11, ndipo avomera kuunyamula m'chikwama chachikulu, poti zakuthwa m'chikwama cha m'manja salola. Esnat awapititsire lisanadutse tsiku la 9, asadikire la m'mawa mwake, maminibasi athu mukuwadziwa. Nambala yawo ndamutumizira. Akaphonya a Lyson, palibenso wina amene ndikumudziwa wobwera kuno tsiku la mlandu lisanafike.

Chimene chikundidula mtima kwambiri ndi zimene Esnat anandiuza sabata yatha, iye akuseka, osadziwa zimene zandigwera kuno. Akuti mwadula bango labwino, mwakonza ulimbo ndi luzi, mukufuna kuumangirira mpalirowo n'kuuyesa pa thunthu la nthochi, muone ngati mzunguyo ntchito amaidziwadi. Ndikukudziwani, simukhulupirira chida chimene simunachiyese. Chonde, chonde, musauponye. Makutu aja sangapirire ngakhale kugwa kuchoka patebulo.

Ngati mwaumangirira kale, musauzule pabangopo. Dulani bangolo m'munsi mwa luzi, ubwere choncho, ndikafotokoza ndekha. Ngati mwauponya kale n'kuthyoka khutu, ndiuzeni lero lomwe, musandimvere chisoni. Musaumate ndi guluu, ndipo musaunole kuti mbali zilingane, chifukwa ndikudziwa manja anu sangaone chinthu chopendekera n'kuchisiya. Tolani tizidutswa tonse, tibwere limodzi.

Pokulunga, muugwire pakati, osati m'makutu. Mupeze kachitini ka polishi, mukatsuke, muyale thonje pansi, mpaliro pakati, thonje lina pamwamba mpaka mukagwedeza pasamveke kanthu.

Mundiperekere moni kwa Amayi. Nkhaniyi muwauze ndinu, mukudziwa mofikira mwake. Moni kwa azakhali, kwa amalume a ku Nsipe ndi banja lawo, kwa alamu ndi ana onse. Taonga akuti moni agogo, Chichewa chake chikadali cha mawu atatu omwe aja. Mutipempherere pa 14, nkhaniyo iyamba teni koloko ya kuno, kumeneko ikhala ili thwelofu.

Esnat, usakwiye powerenga apa, koma phuma lako tonse timalidziwa. Iwe ungonyamula chitini. Kukulunga mukulunge ndinu, Ababa, ndi manja anu, mutakhala pansi. Ndipo mukatseka chitinicho, mundikhululukire.

Ndine mwana wanu,
Petronella