Msana wa Apongozi

Chinsapo, Lilongwe
14 Ogasiti 2024

Okondedwa Bambo a Thandie,

Ndiyambe ndi moyo wanu kumeneko ku Joni. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Nanga ntchito yomangayo ikuyenda? Kuno ine ndadzuka, Thandie nayenso ali bwino. Koma abambo anu sali bwino. Ali m'chipatala, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.

Pafoni ndakhala ndikukuuzani kuti ndi malungo. Ndinanama. Ndikangomva mawu anu, ndimalephera kunena zoona, n'chifukwa chake ndalemba kalatayi kuti a Weston oyendetsa basi akupatseni pamanja. Muwerenge mpaka pansi, kundikalipira kubwere pambuyo.

Mukukumbukira zigamba zija za m'zigongono ndi m'mutu mwawo, zoyoyoka ngati gaga? Inu mutachoka, kuzizira kutangoyamba, zinafalikira. Azimayi a pakiyosiki ya madzi anayamba zawo zija. Wina akuti khate, wina akuti matenda aja, wina akuti anaponda mankhwala kumudzi. Ine ndi mantha angawa ndinawapatula: mbale yawoyawo, kapu yawoyawo, beseni lawo ndinalilemba ndi utoto. Ankangowomba m'manja n'kulandira.

Kenako ndinapita kushopu kukagula mafuta odzola, ndipo ndinasankha ndi mphuno. Ndinatenga botolo lokongola lonunkhira maluwa, sopo uja wopha tizilombo, ndi chinkhupule chatsopano kuti azikhula mambawo achoke. Ndinagwada n'kutula pakhomo la chipinda chawo. Ndikafunsa ndili kuseri kwa chitseko ngati mafutawo akuthandiza, ankayankha kuti zikomo amayi, akuthandiza ndithu.

Nanga mpongozi angamuuze mkazi wa mwana wake kuti thupi likumuwotcha? Nanga ine ndikanawauza kuti vulani malaya ndione? Tonse awiri tinkasunga ulemu, khungu likung'ambika m'kati mwa jekete.

Veronica, mnzanga wa kukwaya uja, ndiye anandiuza za kirimu wa m'kachubu wogulitsidwa pansi mumsika m'tauni, yemwe azimayi ena amasakaniza kuti ayere. Masabata awiri okha, manja a abambo anasalala see! Ndinavina m'khitchini ndekha. Ndinawabweretsera machubu ena, iwo n'kumadzola paliponse pamene dzanja lawo likufika, miyezi iwiri yathunthu. Wogulitsayo atasowa pamalo pake, ndinati palibe kanthu, munthu wachira kale.

Sipanathe sabata. Lachiwiri la sabata yatha sanatuluke kukawothera dzuwa. Ndinagogoda, zii. Ndinalowa m'chipindamo iwo alimo, koyamba chibwerereni m'nyumba muno. Kalanga ine! Anali akunjenjemera, thupi lonse litatupa, pena pofiira psuu, malaya atamatirira kumsana ndi magazi. Ataona kuti ndine, anayamba kufufuza bulangete kuti afunde.

Kuchipatala mayi dokotala wa zakhungu anati matendawa ndi soriyasisi. Akuti sapatsirana ngakhale mutadyera mbale imodzi. Si khate, si ufiti. Satheratu, koma amagonja munthu akamasamalidwa. Ndinakumbuka beseni la utoto lija, manyazi anandigwira mpaka m'mapazi.

Nditakhuthula m'jumbo zonse zimene ndinkagula, mayiyo anagwira pakamwa. Anati mafuta onunkhira pakhungu long'ambika ndi tsabola pabala, ndipo chinkhupule chimangoputa matendawo. Za kirimu uja anati ndi mankhwala amphamvu osayenera kudzola thupi lonse popanda dokotala, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi ndi kumene kunautsa zonsezi. Amati safunsa anadya phula, Bambo a Thandie. Wosafunsa ndinali ine, koma phulalo adya ndi bambo anu.

Ndinafunsa kuti nanga ndigule chiyani. Kuwonjezera pa mankhwala awo a m'chipatala, anandilembera vasilini wamba, woyera, wosanunkhira. Kufamase mtsikana wina dzina lake Zulekha anandiphunzitsa kuwerenga kuseri kwa botolo. Anati paliponse palembedwa zonunkhiritsa ndibweze pashelefu, mafuta amadzimadzi ndisiye, nditenge olimba omata pakhungu. Shampu wonunkha ngati tala wa mumsewu anati ngwa m'mutu, koma adikire mabala apole ndipo dokotala avomere. Zoona, vasilini yemwe uja ndinkamudzoza Thandie ali khanda! Nthawi yonseyi anali pashelefu ya pansi, ine ndikumulumpha, ndikuti abambo a mwamuna wanga sangadzole za amphawi.

Tsopano imvani chimene chandilembetsa kalatayi.

Akuyenera kudzozedwa kangapo patsiku, makamaka akangosamba madzi ofunda pang'ono, khungu lisanaume. Manja ndi miyendo akudzola okha. Msana sangaufikire. Anesi alipo awiri wodi yonse, ndipo wodwazika ndi ine ndekha. Nesi akatanganidwa, ine ndikayandikira ndi botolo, ankandibweza ndi dzanja, akuti adikira inuyo, Malizani wawo. Masiku anayi choncho, msana ukungosweka, pansalu pali magazi okhaokha.

Loweruka mtima unandipsa. Mukundidziwa inu. Ndinakoka katani, ndinagwada, ndinawauza kuti abambo mundikhululukire, ulemu womwewu watsala pang'ono kukuphani kunyumba, pano sindiulolanso. Ndinawavula malaya n'kuwadzoza kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Sanalimbane nane. Anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kulira chifukwa cha dzanja langa! Ndinapitiriza, nanenso misozi ikugwera pachitenje.

Chiyambire tsikulo ndikuwadzoza, ndipo msana wayamba kupola. Dokotala wakondwa. Koma abambo sanandiyang'anenso kumaso, ngakhale moni wa m'mawa akuyankhira kukhoma. Dzulo kunabwera abusa kudzawapempherera. Ndili pomwepo, abambo anawauza kuti akatuluka Lolemba apita kwawo ku Ntchisi, poti sangagonenso m'nyumba ya mpongozi amene anawavula.

Ku Ntchisi kuli ndani? Chimwalirireni amayi anu, nyumba ija ndi ya mileme. Alongo anu ali ku Tete ndi banja lawo. Adzawadzoza ndani kumeneko, ndi fumbi la mwezi uno? Dokotala wanena mosabisa kuti akapanda kusamalidwa zibwereranso, ndipo pa msinkhu wawowu ulendo wina sangapulumuke. Ndikuopa, Bambo a Thandie. Munandisiyira bambo anu akuyenda okha kupita kutchalitchi, ndipo ndawafikitsa pamenepa ndi manja anga. Ngati ndinalakwanso Loweruka, mundiuze, koma ine sindinaone njira ina.

Bwerani. Ndikudziwa kuti kapitawo wanu sapereka tchuthi ndipo ntchito ingathe. Ithe, ina idzapezeka. Mukangowerenga kalatayi muwaimbire, muwauze kuti asakwere basi ya ku Ntchisi, akudikireni. Ine sandimva, inu akumverani.

Ngati chikuwathamangitsa ndi nkhope yanga, musavutike nazo. Ndalankhula kale ndi amayi anga ku Kawale, andikonzera pogona. Inu ndi bambo anu mukhale m'nyumbamo awiri, ine ndichoke. Ndingokupemphani tsiku limodzi lokha, ndikuonetseni kadzozedwe kake, chifukwa pansi pa phewa lakumanzere pali bala lofuna dzanja lopepuka.

Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira pamalire ponse. Mundiperekere moni kwa alamu a Trevor ndi akazi awo, muwauze atikumbuke m'mapemphero.

Ndine mkazi wanu,
Emily, Mayi a Thandie