Chithunzi cha Bambo Pakati pa Akufa

Kotel, mwezi wa Juni

Okondedwa achimwene Lazar,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Germany kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Nevena ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikutupabe koma akuyenda, ndipo amuna anga a Spas ali gwa, chakudya sakuphonya.

Kalatayi ndapatsira Stoil wa minibasi pamodzi ndi tchizi chanu. Musadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Pa foni inu mumayankhula nokha ngati wansembe, ine n'kumangovomera. Lero ndiye mundimva mpaka ndimalize.

Munandituma kuti ndikaonane ndi wansembe za mwambo wokumbukira bambo mu Okutobala, pamene chikwane chaka chisowereni, ndiponso kuti ndikasindikizitse pepala la maliro loti timate pachipata. Munati amayi atopa kudikira, tiwapatse polirira. Achimwene, sindinapite ndipo sindipita. Mu Epulo momwemu bambo anali moyo, akuyenda ndi miyendo yawo. Khalani pansi ndikuuzeni.

Mukukumbuka kuti tsiku limene anasowa anatuluka akunena kuti akukaona nkhosa zawo, nkhosa zoti anagulitsa kalekale. Apolisi anasaka m'mapiri ndi agalu mpaka chipale chofewa chinatseka njira. Atalephera anatipatsa mapepala opempha anthu kuti athandize. Pamwamba panali chithunzi cha pachitupa cha bambo, chopanda mtundu, nkhope ili ndwii. Pansi pake panali dzina m'zilembo zikuluzikulu, kenaka timalemba ting'onoting'ono tonena kuti munthuyu wasowa, amaiwalaiwala, ndipo wodziwa kanthu adzalandira mphotho imene ife tinalonjeza. Mayi Raicheva, wapolisi amene akuyendetsa nkhaniyi, anati tikamate pamene anthu amayang'ana.

Ntchitoyo ndinapatsa alamu anu a Spas, poti ine ndinali ndi amayi. Anazungulira midzi yonse mpaka ku Sliven, n'kubwerako akudzitama kuti palibe mudzi umene ausiya, ndipo amata pamalo poti ngakhale wakhungu amaima. Ine ndinawathokoza, mpaka kuwaphikira nyama.

Nyengo yozizira yonse foni inangoti zii. Amene anabwera ndi chidakwa china chimene chinamva za mphotho kwa a Spas ku bala, akuti chinalota bambo ali pansi pa mlatho, ndiye tichipatseko theka poti maloto nawonso ndi ntchito. Kumsika azimayi a midzi ina ankandigwira dzanja n'kumati Mulungu awakhululukire bambo ako. Ndinkapsa mtima, ndinkaganiza kuti anthu a masiku ano sachedwa kukwirira munthu.

Loweruka lapitali kunafika mayi Gergina, aja a ku Gradets amene bambo ankawametera nkhosa. Anafika atamanga mpango wakuda, m'manja muli kandulo ndi maluwa anayi, chiwerengero chija timatengera akufa kumanda. Analowa akulira, akuti tiwakhululukire sanabwere pamaliro, sanamve, angoona pepala pamtengo wa kudepoti. Amayi anangouma pampando. Ine ndinali nditaimirira kale kuti ndiwaonetse khomo.

Koma mukuwadziwa mayi Gergina, pakamwa pawo sipatsekeka. Anapitiriza akupukuta mphuno, akuti imfa ilibe manyazi, munthu woti anamuona yekha mu Epulo kumsika wa ziweto ku Yambol, ali bwinobwino, akukanula nkhosa yawo kukamwa kuti aone mano.

Ndinawafunsa kuti anamuona ndani. Akuti bambo ako Delcho, nanga ndani? Ndinati mwina munasokoneza, nkhalamba zimafanana. Anakwiya, misozi n'kuuma pomwepo. Akuti iwe mwana, Delcho ndingamusokoneze ndi ndani, munthu woti wakhala akunditukwana moyo wonse kuti nkhosa zanga ndimazidyetsa minga? Akuti ndi chala cha bambo chodukacho anachiona, ndipo bambo anawauza kuti nkhosayo ndi yokalamba ngati mwini wake, mtengo atsitse. Koma bambo anawaitana ndi dzina la malemu mayi awo a mayi Gerginawo, ndipo atawafunsa za kumudzi anangoseka. Anali ndi amuna awiri a lole yabuluu, amene anawakweza kumbuyo pamodzi ndi nkhosa n'kumapita.

Mayi Gergina sankadziwa n'komwe kuti bambo akusakidwa. Anangoti kaya Delcho wapeza ganyu. Ndiye mwezi watha ataona nkhope yawo pamtengo, anachita chizindikiro cha mtanda n'kuyamba kufunafuna maluwa.

Ndinakoka a Spas pa malaya mpaka kudepoti kuti akandionetse pamene anamata. Achimwene, ndinawapeza bambo athu pamtengo wa zidziwitso za maliro. Kumanja kwawo kunali malemu akazi a wansembe, kumanzere mnyamata amene anafa pa njinga yamoto, pamwamba gogo wina wokwanitsa zaka zitatu ali m'manda. Pepala lofanana, kukula kofanana, nkhope zonse zili ndwii chimodzimodzi. Ndipo n'zimene anachita m'midzi yonse, pamitengo ya maliro, pazitseko za matchalitchi, pamakoma a pafupi ndi manda.

Ndinawafunsa kuti a Spas, mutu wanuwu ndi wongovalira chipewa? Anandiyankha mosaseka ngati munthu wanzeru, akuti nanga anthu amawerenga pati? Akuti pamtengo wa maliro palibe amene amadutsa osayang'ana. Ndipo zoona sanganame, aliyense amayang'ana. Koma amayang'ana nkhope ndi dzina, n'kunena kuti kalanga ine nayenso wapita, basi ulendo. Timalemba ta pansi ndani amawerenga? Tonse timadziwa kale kuti pamakhala mawu oti tikukusowani, ugone mumtendere.

Miyezi yonseyi tinkadandaula kuti anthu alibe chifundo, chonsecho ifeyo tinalengeza tokha m'boma lonse kuti musavutike, munthuyu anafa. Ndinalira pamtengo pomwepo, kulira kwa mkwiyo. A Spas nawo anakhala pansi pamwala atagwira chipewa m'manja, ndipo ndinawamvera chisoni ngakhale sindinawauze.

Lolemba ndinapita ndi mayi Gergina kupolisi. Mayi Raicheva atamva anagwira mutu, kenaka anakoka mpando n'kuyamba kulemba. Mayi Gergina anafotokoza zonse mpaka mtengo wa nkhosa, ndipo atauzidwa za mphotho anatukwana, akuti kodi mukundiyesa wogulitsa anthu ine, ndipezereni Delchoyo adzandimetere nkhosa, chaka chino anandimetera ndi mwana wina ngati akusenda mbatata.

Mayi Raicheva sanandinamize. Akuti kumapiri a mbali za ku Yambol kuli makola akutali kumene eni ake amatola nkhalamba zosochera n'kumaziwetetsa nkhosa, malipiro ake chakudya ndi fodya. Akuti mwina bambo ali kumeneko, mwinanso ayi, ndipo kuchokera mu Epulo papita nthawi. Koma aimbira kale anzawo a ku Yambol za lole ija, ndipo atulutsa pempho latsopano pa wailesi yakanema, mphotho n'kuitchula poyera kuti ngakhale wantchito wa pakhola amene akuopa abwana ake alimbe mtima.

Chimene akufuna ndi chithunzi china. Akuti chikhale cha mtundu, munthu aoneke thupi lonse, ndipo ngati n'kotheka akhale akuseka, kuti woona asayambe ndi kuchita chizindikiro cha mtanda.

Apa ndiye pafika pempho langa. Ndasanthula nyumba yonse, zithunzi zonse za bambo ali ndwii ngati akuwatengera kundende. Chimene akuseka ndi chimodzi chokha, cha paukwati wa mwana wanu Ralitsa, pamene akutsogolera gule atanyamula kampango m'mwamba, kukamwa kuli yasa, dzanja la chala chodukalo likuoneka bwinobwino. Chili pakhoma la pabalaza panu. Chichotseni mumupatse Stoil pobwerera. Musachijambule pa foni, mumajambula ngati muli pa ngolo. Ndikufuna chenichenicho, ndidzakubwezerani.

Ulendo uno mapepala akhala achikasu, ndipo sayandikira tchalitchi. Tikamata m'misika ya ziweto, m'masitolo a mankhwala a nkhosa, pomwetsera mafuta ndi pamagalimoto otenga mkaka, amene amafika kukhola lililonse. A Spas adzipereka okha kundiyendetsa tsiku lililonse la msika, akuti mpaka matayala athe. Ndawauza kuti guluu agwire ndi iwo koma pomata ndiloza ndine.

Mwina mukufunsa za amayi, poti ndi iwo amene mumawadera nkhawa. Mayi Gergina atachoka tsiku lija, amayi anadzuka pampando. Anatenga mpeni wa kukhitchini n'kutsetsereka ndi ndodo yawo mpaka kutchalitchi, n'kupala pepala la bambo pachitseko mpaka thabwa kuoneka. Pobwera anatulutsa thumba la tirigu limene anagula mobisa kuti adzawiritse pamwambo wanu uja, n'kulikhuthulira nkhuku. Akuti nkhalamba ija ikupita kumisika osandiuza, ibwere idzandipeze.

Ndikudziwa kuti simunafune zoipa, achimwene. Muli kutali, ndipo kudikira muli kutali n'kowawa kuposa kudikira muli pano. Ndikudziwanso chimene mukuopa, kuti tidzutsa mtima wa amayi kenaka n'kukapeza mafupa. Inenso ndimaopa zomwezo. Zikadzatero, tirigu ndidzawiritsa ndekha, pepala la maliro ndidzamata ndi manja angawa, ndipo simudzamva ndikutsutsa. Koma sindiyatsira kandulo munthu amene mwina pano akuthamangitsa nkhosa za eni ake, nsapato zitang'ambika, osadziwa njira ya kwawo.

Nkhosa imene mumati mugule ya pamwambo ija isiyeni, ndalama yake tiwonjezere pa mphotho. Tchuthi chanu musadikire Okutobala, pemphani cha Ogasiti, misewu ya kumapiri isanayambe matope. Makola ndi ambiri, ndipo pakhomo pa anthu otere pamafunika kufika mwana wamwamuna wa mwini nkhope.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Nevena, kwa Ralitsa ndi mwamuna wake, ndi kwa kamdzukulu kanu. Amayi akuti muzivala zofunda. Mulungu akusungeni, akutsegulireni njira, ndipo asunge bambo kulikonse kumene agona.

Pobwera suti yakuda muisiye konko. Mutenge nsapato zokwerera mapiri.

Ndine mlongo wanu,
Zlatka