Denga la Galimoto ya Abambo

Dolgellau,
19 Okutobala, 1997

Okondedwa achimwene a Emlyn,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Perth, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno sitili bwino. Pa foni paja ndinangokuuzani kuti abambo agonekedwa m'chipatala ndi chibayo, inu n'kuseka kuti, "Nkhalamba imene ija ndi chitsulo, ituluka Lachisanu." Ndinafuna kupitiriza, koma munali mukuthamangira ku ntchito monga mwa masiku onse. Ndiye ndati ndilembe, popeza pepala silidula munthu mawu. Adokotala sakulonjeza kuti abambo atuluka. Muwerenge mpaka kumapeto, kenako mukagule tikiti ya ndege.

Kaya mukukumbukira pangano limene amayi anachita ndi abambo asanamwalire? Mwina ayi, munali mutapita kale. Amayi ankadziwa kuti amuna awo sadzasiya okha kuyendetsa kagalimoto kawo kobiriwira kaja, ka mipando iwiri ndi denga la lona. Dokotala sakanamumvera, ife ana ndiye kutalitali. Choncho anawagwirira pa chinthu chimene ankanyada nacho. Anati, "A Gwilym, tsiku limene mudzalephere kukweza denga lija nokha, makiyi mudzapereke kwa Nerys." Abambo anaseka, koma analumbira atagwira dzanja la amayi.

Inu mumaliona ngati ambulera, koma denga lija ndi ntchito. Umayenera kuwerama kumbuyo kwa mipando, kudzutsa mafelemu achitsulo, kukoka lona mpaka pa galasi la kutsogolo, kenako kukanikiza zokolowekera ziwiri zija, zimene zimaluma zala kukazizira. Munthu amene msana, mapewa ndi zala zake zikuthabe zimenezo, chiwongolero sichingamukanike. Amayi anaganiza bwino pamenepa.

Chaka chilichonse, Lamlungu loyamba louma Pasaka akapita, galimoto inkatuluka m'garaji, ine n'kuima pakhomo nditapinda manja. Abambo ankavula jekete ngati akukachita ndewu. "Wabwera woyesa mayeso," ankatero. "Tsegula maso, mwana iwe, usadzati ndabera." Chaka chatha anatenga nthawi. Anatukwana mpaka aneba anasuzumira, chala chinatuluka magazi, koma anakhoza. Ine mumtima ndinadziwa kuti kukhoza kumeneko kunali komaliza, ndipo ndinayamba kukonzekera mawu oti ndidzawatonthoze nawo chaka chino.

Kenako mu Febuluwale kunabwera mphatso yanu ya tsiku lawo lobadwa. Amakaniko a garaji ina ya kutauni anafika ndi lole, ananyamula galimoto, n'kukaikamo mota ndi timapaipi ta oyilo kuti denga lizikwera lokha munthu akadina batani. Ndinakuimbirani foni. Ndinakuuzani kuti mabatani a malaya awo ndimamanga ndine, kuti botolo la jamu satha kutsegula. Munati, "Nerys, usasanduke amayi. Asiye munthu asangalale, watsala ndi chiyaninso?" Ndinazisiya choncho chifukwa ndinu aakulu.

Pasaka atapita ndinaima pakhomo monga kale. Abambo sanavule jekete. Anakhala pampando, anadina batani ndi chala chimodzi, denga n'kudzuka likulira ngati mphaka wanjala mpaka kudzitseka lokha.

"Kumeneko n'kubera, abambo," ndinatero.

"Lakwera kapena silinakwere?"

"Lakwera."

"Ndiye choka panjira, ndingakuponde."

Amenewo ndi abambo omwe aja ankati denga la batani ndi la anthu aulesi ndi madokotala a mano. Anzawo a ku kalabu ya magalimoto akale anawaseka kuti a Gwilym alemba wantchito, iwo n'kumangoyankha kuti, "Nsanje! Ana anu amakutumizirani masokosi." Anayenda chilimwe chonse. Geti la pakhomo analigunda kawiri ndi galimotoyo. Tsiku lina anabwera madzulo osatha kunena msewu umene anadzera. Ndikatchula makiyi ankangoloza batani, ine n'kusowa pogwira, chifukwa chinthu chokha chimene ankachimvera chinali chitachotsedwa.

Lachiwiri lapitali kunacha bwino, dzuwa lonyenga lija la Okutobala. Ine ndili ku ntchito, abambo anatsitsa denga, anavala chipewa, chikhoti n'kuchisiya pa msomali, n'kukwera kamsewu ka pamwamba pa phiri, kaja kodutsa nkhosa zokhazokha. Mvula inawapeza pamwamba penipeni, ya mphepo ndi matalala. Anaima n'kudina batani. Denga linadzuka, linafika pakati, n'kuima. Kapaipi kamodzi kanali kataphulika. Linangoti njo m'mwamba, osatseka, osatsika.

Denga lakale lija likakana, unkalikankha ndi phewa n'kumvera. Ili silikankhika. Akuti pali kachitsulo kobisika kumbuyo kwa mpando koti upotokole kaye, ndipo ndi zala zawo zija sakanatha ngakhale akanakadziwa. Anayesa kuyenda choncho, mphepo n'kugwira lona n'kukankhira galimoto m'ngalande. Sanavulale paliponse. Anangokhala momwemo masana onse, mvula ikuwathira.

Anawapeza ndi a Idwal Pugh, alimi a nkhosa aja a kuseri kwa phiri, akupita kukaona ziweto zawo. Ndikulembereni monga anandiuzira, atagwira chipewa m'manja pakhonde la chipatala. "Ndinayamba ndaona chinthu chakuda chili chiimire, ndimvekere, ndani wopenga wamanga tenti pamsewu? Ndifike pafupi, ndi a Gwilym. Milomo yachita kuda, mano akugundana, madzi afika m'nsapato, koma chala chili pa batani, akungodina. Ndikuti, 'Akulu, tiyeni mu thirakitala, mufa pano.' Iwo akuti, 'Dikira Idwal, likwera. Ndi la mwana wanga ili.' Ndinachita kuwanyamula ngati nkhosa yothyoka mwendo, akundikalipira."

Chiyambire tsiku limenelo akupuma ndi mpweya wa m'machubu. Nthawi zambiri sakudziwa kumene ali, amanditchula dzina la amayi. Koma dzulo masana anatsegula maso ali bwinobwino, abambo enieni aja. Choyamba kufunsa chinali chakuti, "Lona mwaliyanika? Musalipinde lonyowa, lichita nkhungu." Ndinati taliyanika, ngakhale galimoto ili m'shedi mwa a Idwal, denga likadali choimirira pakati pomwepo.

Kenako anati, "Koka katani, Nerys." Ndinakoka. Analankhula pang'onopang'ono, akupumira pakati pa mawu.

"Mu Januwale ndinalowa m'garaji ndekha kuti ndiyeserere mayeso ako. Mafelemu ndinadzutsa. Zokolowekera zinandikana. Ndinabwereranso m'mawa mwake, chimodzimodzi. Ndinati basi, chaka chino ndimupatsa mwanayu makiyi, amayi ake asakandizenge mlandu ndikafika."

Ndinati, "Nanga bwanji simunanene, abambo?"

"Lole ija inabwera. Ndikanati chiyani? Mwana wakumbukira bambo ake kuchokera kutsidya kwa dziko, ine ndibweze?" Anatsokomola kwa nthawi, anesi n'kubwera n'kubwerera. Atapeza mpweya anandigwira dzanja, kagwiridwe kopanda mphamvu. "Usamuuze Emlyn zimenezi. Wamva, mwana iwe? Umuuze kuti ndathokoza. Ndayenda chilimwe chimodzi cha bonasi."

Ndinavomera, ndipo mukuona nokha kuti ndaswa lonjezo. Ndinalimbana nazo ndisanagwire cholembera. Ndakwiya nanu, achimwene, sindikubisirani. Ndakwiya kuti mumatikonda ndi mapasulo, kuti mukatumiza chinthu mumapita kukagona, chimene chatsatira n'kusiyira ine. Ndadzikwiyiranso ndekha chifukwa chosaimirira kutsogolo kwa lole ija. Ndikudziwa kuti munachita ndi mtima wabwino, ndipo ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Sindikulemba kuti mudzipweteke. Ndikulemba chifukwa sindingathe kusenza zimenezi ndekha kwinaku mukundiseka pa foni kuti ndimadandaula msanga. Ndinu oyamba kubadwa, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tsono pempho langa ndi ili. Musadikire Khirisimasi monga munakonzera, adokotala andiuza mosapita m'mbali kuti kumeneko n'kutali. Mukatsika ndege mukwere sitima, ndidzakutengani pa siteshoni. Mubwere ndi zovala zotentha, mwaiwala kuzizira kwa kuno. Muikemonso suti yakuda m'chikwama.

Pempho lachiwiri ndi lovuta kuposa loyambalo. Mukalowa m'chipinda muja, akakuzindikirani, adzakuthokozani chifukwa cha denga. Adzakuuzani kuti ndi mphatso yabwino kuposa zonse zimene analandirapo, chifukwa akhala akuuza anesi onse zomwezo. Musadzagwetse nkhope, musadzapepese, musadzalire iwo akuona. Mudzamwetulire n'kunena kuti mwasangalala kuti analikonda. Ine ndidzakhala mbali ina ya bedi, ndikukuyang'anani. Kulira mudzalirira panja, ndipo ngati mudzafune, ndidzalira nanu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Robyn, ndi kwa Carys ndi Huw, muwauze kuti agogo awo asunga zithunzi zawo pambali pa bedi. A Idwal akupereka moni, akuti sanakuoneni chichokereni. Abambo akupereka moni kwa nonse. Amene ndimawapukuta pakamwa ndi kuwatembenuza ndine, koma chitseko chikatseguka, dzina limene amaitana ndi lanu.

Ndine mlongo wanu,
Nerys