Nyenyezi za Mabasi

Lolemba, 9 Juni

Lero mtima mbee! Kamagalasi wanga, mwana wa malemu achimwene, amupatsa ntchito yakeyake ku kampani ya mabasi kuja. Osati kuthandizira wina, ayi. Yake. Aike kabokosi ka mafunso pa webusayiti, pomwe anthu amaonera nthawi ya mabasi. Munthu azidina nyenyezi, imodzi mpaka zisanu, n'kulemba zakukhosi. Koma abwana akuti tsambalo likangolemera, likamachedwa kutseguka, ndiye kuti ntchito yalakwika. Lachisanu miyezi itatu yomuyesa ikutha. Amulemba kapena amubweza.

Wapempha foni yanga. Yosweka galasi, yomanga ndi labala. Ndimati akundiseka. Akuti, "Azakhali, okwera basi ambiri ali ndi ngati yanuyi, osati ya abwana." Ine wongodziwa kulemba miyezo ya madiresi, foni yanga kulowa nkhani za mu ofesi! Zipi ya siketi ndasoka chozondoka. Chimwemwe.

Lachiwiri, 10 Juni

Tayesa m'mawa asanapite, foni pamwamba pa makina osokera. Iye kudina, ine kuwerenga mokweza. Wani, thuu, mpaka 23. Tsamba loyera mbuu. Kenako kabokosi tulukiru, nthawi ya mabasi isanabwere n'komwe. Bandulo ya sabata yonse, theka lapita.

Ndati kabokosi kakoka n'kopanda ulemu, kakufunsa mlendo ngati wakhuta mbale isanafike. Wandiyang'ana, wavula magalasi. "Tabwerezani, azakhali." Watuluka tiyi osamaliza.

Ulusi wofiira watha. Singano yathyoka kawiri pa jinzi ya amakanika.

Lachitatu, 11 Juni

Faifi! Ndawerenga katatu, faifi basi. Tsopano nthawi ya mabasi ndi imene imayamba, kabokosi kamadikira panja mpaka munthu atamaliza kuona. Zithunzi zolemera zija wachotsa. Wafotokoza zina zambiri, sindinamve, ndangogwedeza mutu. Masana akaika kuti aliyense akaone.

Ndadina nyenyezi zisanu. Ndalemba kuti mwana ameneyu ndi wanzeru. Kukoma kwake! Ndatseka, ndatsegulanso, kabokosi kabweranso. Ndadinanso. Kasitomala akangotuluka, ine dinu. Mayi wa saluni yoyandikana nane wafunsa ngati ndayamba juga. Kamagalasi sindimuuza, akazione yekha kuntchito.

Lachinayi, 12 Juni

Wabwera wopanda moni. Chikwama pansi phi. Mayankho 90, mwa amenewo 64 a foni imodzi, mawu omwewomwewo. Abwana akuganiza kuti amadziyamikira yekha kuti amulembe.

Ndaulula. Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Azakhali, nyenyezizo si zanga, ndi za mabasi." Ine ndimati akumuchongera ngati mayeso akusukulu. Akuti nayenso analakwa, foni imodzi simayenera kuyankha kawiri. Wakonza pompo, laputopu pamiyendo, osandiyang'ana.

Ndamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Yunifolomu zake zonse zinatuluka pa makina awa. Lero ndimuchotsetse ntchito ndi chala changa chomwechi?

Ndasita diresi yabuluu.

Lachisanu, 13 Juni

Shopu ndatseka, ndapita. Kamagalasi pondiona pakhomo, kufuna kulowa pansi pa tebulo. Ofesi yozizira ngati filiji, mawaya pansi ngati mizu. Abwanawo ndi achichepere, malaya osasita bwino kolala. Ndaika foni patebulo, ndati olakwa ndife awiri, iyi ndi mwini wake, mwanayu musamukhudze. Aseka mpaka kutsokomola. Ine osaseka.

Atenga foniyo, atsegula tsamba okha, diso pa wotchi. Aitembenuza, ayang'ana labala. "Pa chinthu ichi?" Atsegulanso kachiwiri. Akuti yankho Lolemba, akufuna aone kaye mayankho a anthu enieni.

Tabwerera limodzi. Pa siteji wandigwira mkono powoloka msewu. Basi.

Lolemba, 16 Juni

Amulemba! Kalata ndaigwira ndi manja angawa, chidindo pansi. Ndavina m'shopu tepi ili m'khosi, mayi wa saluni wathamangira chipeso kumanja, amati ndalumidwa ndi chinkhanira. Achimwene akanakhalapo! Dzulo ndi dzana chakudya sichimatsika, lero ndadya kawiri.

Zanga 64 afufuta zonse. Zotsalazo zambiri n'zodandaula. Mabasi kuchedwa, katundu kunyowa. Abwana akuti n'zimene amafuna kumva. Anthu ophunzira, kukondwa ndi kunyozedwa.

Kamagalasi wanditsegulira mpata umodzi. Umodzi wokha, ndinene zoona. Ndakhala nayo foni nthawi yaitali, nsalu ya kasitomala ili pa singano. Basi yawoyo ndinaikwerapo chaka chatha. Mpando unandithyola msana, kondakitala wamwano, koma tinafika dzuwa likadalipo. Ndadina. Zitatu.

Za mpandowo ndalemba. Pansi pake ndimafuna kuwonjezera kamzere kamodzi kokha, kakang'ono, koyamikira mwanayu, koma waima kumbuyo kwangaku magalasi ali pamphuno, ndiye ndangotumiza choncho.