Tebulo Limene Bambo Anapala

Lachisanu, 22 Ogasiti

Okondedwa achimwene,

Tandiyankhani funso ili musanawerenge zina zonse: munayamba mwaonapo kalipentala atachira chifukwa chokhala pampando manja ali pamiyendo? Ngati munamuonapo, nditumizireni chithunzi chake. Ngati simunamuonepo, khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, ndipo musandiimbire foni muli pakati, chifukwa pa foni mumandidula mawu. N'chifukwa chake ndasankha pepala.

Moni ndikupatsani, musadandaule. Tonse tili bwino. Adokotala awaona Bambo, akuti magazi akuyenda bwino ndipo dzanja lamanja lija mphamvu zikubwerera. Za nyumba munatipezera mumzinda muno kuti tikhalemo masiku a kuchipatalawa, zikomo kwambiri, ndipo mukudziwa kuti ine zikomo wabodza sindimutha. Koma nkhani yanga ndi ya shedi ya Bambo yopaliramo matabwa ija. Kuchokera pamene munaika loko pachitseko chake, n'kuwalonjezetsa ali chigonere m'chipatala kuti sadzagwiranso chipangizo, munthu uja anangozima. Inu muli kutali, mumangomva "ndili bwino, mwana wanga" pa foni. Ine ndi amene ndimawapeza pampando womwewo m'mawa ndi madzulo, akuyang'ana khoma.

Ndiyambe ndi zokoma. Nyumbayi ili pamwamba zedi, ndipo m'chikepe Amayi anandigwira mkono, maso atatseka, milomo ikugwedera ndi pemphero. Pachitseko palibe kiyi, timangodinda manambala. Koma titalowa, achimwene, ine wolongolola ndinasowa chonena. Mawindo oyambira pansi mpaka kudenga. Sofa yoti ukakhalapo umaiwala kuti uli ndi msana. Mabedi oyera mbee, bafa lagalasi, khonde lokhala ndi maluwa m'miphika, ndipo ukasuzumira pansi mabasi amaoneka ngati mabokosi a machesi. Monga telala, ndinathamangira kutembenuza mpendero wa katani kuti ndipeze cholakwika. Sindinachipeze. Ndinapsa mtima pang'ono.

Munaganiza bwino kutipezera malo odziphikira tokha. Kuhotela Amayi akanalimbana ndi ophika tsiku lililonse pa nkhani ya mchere wa Bambo. Pano khitchini ndi yawo. Sitovu yake ndi galasi lakuda lopanda moto, ndipo tsiku loyamba anakana kuikhulupirira, anaima chapatali atanyamula chikombe ngati akudikira njoka. Lero akundiphunzitsa ine. Makina otsukira mbale okha ndiye anawakana. Akuti mbale yotsukidwa pomwe iwo sakuona ndi yosatsuka, ndiye m'makinamo akusungiramo anyezi.

Chinatidabwitsa ndi chimodzi. Nyumba yokongola chonchi, koma khoma lina la pabalaza njerwa zili pamtunda, osapaka pulasitala. Mapaipi akuonekera kudenga. Mababu akungolendewera pa waya opanda chovindikira. Amayi anapukusa mutu, amvekere, "Mwana wa eni ake zinamuvuta pomaliza. Kumanga si masewera." Tonse tinamumvera chisoni mwini nyumbayo tisanamuone n'komwe.

Ndiye panali tebulo. Lalikulu, la matabwa ochindikala, pakati penipeni pa balaza. Koma zipsera zokhazokha: ming'alu, timabowo ngati lafumbwa, m'mphepete mopserera, kwina penti wakale wosupuka. Pa chakudya choyamba ndinaona dzanja la Bambo likuyenda pathabwapo, kupita, kubwera, chala chikulowa mumng'alu. Kenako anayankhula osafunsidwa, chinthu chomwe sanachite kwa miyezi.

"Thabwa labwino ili. Alichita chipongwe."

M'mawa mwake kachibanthu ka thabwa kanakola juzi ya Amayi n'kusolola ulusi. Bambo anayang'ana juziyo, anayang'ana tebulo, kenako anandiyang'ana ine.

"Tsabola, ukamapita kogula buledi, uone ngati pali sitolo ya zomangira."

"Mukufunako chiyani, Bambo?"

"Ndangoti uone."

Sindikubisirani. Ndinagula ndine: sandipepa wokhakhala ndi wosalala, guluu, vanishi ndi bulashi. Palibe anandikakamiza. Lonjezo lanu ndinalikumbukira ndili pakauntala, ndipo ndinalipira ndikulikumbukira.

Tinalikokera tebulo pafupi ndi khonde, n'kuyala manyuzipepala pansi. Bambo anakulunga sandipepa pa kathabwa kodulirapo buledi, n'kuyamba. Poyamba dzanja linkanjenjemera, koma ine sindinatsegule pakamwa, ndipo kwa ine chimenecho ndi chozizwitsa. Pofika masana anali akuimba mluzu. Mluzu uja, achimwene, umene unkatidzutsa tili ana. Amayi anali kukhitchini akusenda mbatata, ndipo ndinaona mpeni ukuima. Sanatembenuke. Anangopukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kunamizira anyezi, chonsecho anyezi anali m'makina otsukira mbale.

Tsiku limenelo Bambo anapempha kuwonjezera chakudya. Anawakalipira Amayi chifukwa choika kapu pomwe anali atangopala, Amayi n'kubweza kuti, "Abambo inu, mwayambanso ufumu wanu wa utuchi?" Anakangana bwinobwino ngati kale, ine ndikumwa tiyi pakhonde, ndikumva kukoma. Ming'alu anaitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, timabowo tonse anatitsata kamodzikamodzi. Vanishi atauma, tebulo linawala moti mababu aja ankadziona okha pathabwa. Tinagwirizana kuti imeneyi ndi mphatso yathu kwa mwini nyumba wovutikayo.

Dzana masana anabwera yekha kudzatisinthira matawulo. Ndi mtsikana waulemu, wamagalasi, msinkhu wake ngati wa alamu. Anatipatsa moni, anafunsa ngati madzi otentha akutuluka, kenako anaima njii, matawulo ali m'manja.

"Pepani amayi, tebulo langa lili kuti?"

Amayi anamwetulira mpaka m'makutu. "Ndi lomweli, mwanangu. Musachite kuthokoza, bambo akewa ndi ntchito yawo."

Mtsikanayo anakhala pa sofa. Anatifotokozera zimene mpaka pano mutu wanga ukukana kulandira. Tebulolo silinali lakale. Matabwa anali atsopano. Iye anachita kupeza mmisiri woti awamenye ndi unyolo, awaboole ndi msomali, awawaule ndi moto kuti aoneke ngati achokera m'nyumba ya makedzana. Njerwa zija, mapaipi aja, mababu aja, zonse n'zadala. Akuti alendo amasankha nyumbayi akaona chithunzi cha tebulo limenelo, ndipo ena amene akubwera sabata yamawa anachita kulitchula.

Mukundidziwa. Sukulu ndinalekezera panjira, kusoka ndinadziphunzitsa ndekha pomasula madiresi a Amayi, ndiye mawu ozungulira ndilibe. Ndinadzuka.

"Asisi, ndiye mukuti chiyani? Munthu wodwala wathyoka msana kukukonzerani chinthu chomwe chimang'amba zovala za anthu, inu n'kumalira ngati takuphwanyirani galasi? Ine kasitomala atandiuza kuti ndimusokere diresi kenako ndiling'ambe kuti likongole, ndingamuperekeze kuchipatala!"

Ndinanena zinanso zimene pepala silingasenze. Anandiletsa ndi Bambo, osakweza mawu.

"Tsabola, khala pansi. Katundu ndi wa eni. Sitinafunse. Olakwa ndife."

Anatembenukira kwa mtsikanayo n'kupepesa, manja ali pamodzi. Achimwene, ndinawaona akuchepa pamaso panga. Mapewa anagwa, maso anabwerera kukhoma. Ndinati basi, ndawapha ndine ndi sandipepa wanga.

Kenako Bambo anakanda kuchibwano.

"Mayi, unyolo wakewo unali waukulu bwanji?"

Mtsikanayo anawayang'ana osamvetsa.

"Ngati mnzangayo anatha kuliwononga, inenso ndingathe. Muli ndi chithunzi?"

Dzulo m'mawa anabwera ndi unyolo wobwereka kwa alonda a pageti, misomali, hamala ndi khofi wakuda bii woti tidetsere thabwa. Tinayamba ndi kupala vanishi yense uja. Foni tinaitsamiritsa pa botolo la shuga, chithunzi chili poyera, Bambo n'kukweza unyolo. Koma kumenya kwake! Ankautsitsa ngati akusisita khanda.

"Agogo, mukumenya mwaulemu kwambiri," anatero mtsikanayo.

"Mayi, moyo wanga wonse ndakhala ndikuchotsa zipsera pa matabwa. Dzanja likukana."

Apo Amayi anavula epuloni. "Patseni kuno." Anazunguza unyolo uja n'kuutsitsa, phwaa! Makapu analira m'kabati. "Imeneyi ndi ya utuchi munkabwera nawo pabedi." Phwaa! "Iyi ndi ya mpando wanga munalonjeza tisanabereke mwana woyamba." Bambo anaseka mpaka kugwira khoma la njerwa lija, misozi ili chuchuchu, akuti, "Mayi ake, pang'onopang'ono, mutithyolera tebulo la eni!" Mtsikana uja nayenso anagwetsa magalasi ndi phwete. Ine ndinapatsidwa msomali ndi hamala kuti ndikhale chiswe. Mpaka bambo wina wa nyumba yapansi anabwera kudzagogoda, kufunsa ngati kuli ndewu. Anapeza nkhalamba ziwiri zikukwapula tebulo, mwini wake akuloza pomenya. Anangobwerera chamsana.

Ntchito yosamala anaigwira Bambo okha: kutsegula ming'alu potsata chithunzi, kuwaula m'mphepete ndi kandulo, kupaka khofi, kupukuta, kupakanso. Sindinama kuti linafanana ndi poyamba. Silinafanane. Mtsikanayo analizungulira, analisisita, n'kunena kuti, "Si lomwe lija, koma lipita." Ndinaona kuti mumtima zikumupwetekabe, ndipo anatichitira ulemu umene ine sindinamuchitire. Ndinapepesa. Inde, ineyo. Ndamulonjezanso kuti ndimusokera mapilo a pasofa, osang'ambika.

Madzulo ake dzuwa likupendeka, tinakhala pakhonde ine ndi Bambo. Anali akuyang'ana chikhatho chawo. Panali patatuluka thuza pansi pa chala, ndipo ankalisisita ngati mphatso. Kenako anati, "Usamuuze mchimwene wako. Ndinamulonjeza."

"Nanga tikafika kunyumba, Bambo?"

"Ndikakhala pampando wanga. Mawu ndinapereka."

Ndiye mwaona, ndakuuzani. Andikhululukire.

Achimwene, sindikunena kuti munachita zankhanza. Munawapeza ndinu atagwa pansi m'shedi muja tsiku anadwala lija, munawanyamula ndinu pamsana mpaka kumsewu. Ine sindinaone zimene munaona, ndipo mantha anu ndimawalemekeza. Koma ndawafunsa adokotala mosapsatira, Amayi ndi mboni. Akuti sowo yamagetsi ayi, kunyamula zolemera ayi, kukhala okha m'shedi ayi, koma dzanjalo likufuna ntchito. Sowoyo tikaichotsamo. Makina anga osokera ndikawasamutsira pakhomo pa shedi kuti ndizikhala nawo, ngakhale utuchi undidetsere nsalu za makasitomala. Loko wanu uja ine ndingamuthyole ndi hamala imodzi, ndipo mukudziwa kuti sindingachedwe. Koma Bambo sangalowe. Chawatsekera panja si loko, ndi mawu amene anakupatsani, ndipo amenewo wowamasula ndinu nokha.

Tinyamuka Lamulungu m'mawa. Amayi ayamba kale kukolopa nyumba yoyera kale, ndipo akuti chimene achisowe kwambiri ndi sitovu ija ankaiopa. Ine ndisowa khonde, ndi madzi otentha osatha. Takhala bwino kuno, zoona, kuposa mmene takhalira kwa nthawi yaitali.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija ndinailandira ndipo mtundu wake ndaukonda. Ana muwapsompsone, wamng'onoyo mumuuze kuti azakhali ake akuti asiye kuyamwa chala. Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda ndipo mwaonda pa chithunzi chija. Moni wa Bambo sindikupatsani, chifukwa sakudziwa kuti ndikulemba. Mukaufuna mukautenge nokha.

Kalatayi ndiijambula ndi foni kuti ikupezeni lero lomwe. Musayankhe ine. Aimbireni Bambo tisanatuluke m'nyumba muno, ndipo musawafunse ngati amwa mankhwala. Auzeni ndi pakamwa panu kuti lonjezo lija mwalibweza, ndi kuti shedi ndi yawo. Munamanga ndinu, achimwene. Masulani.

Ndine mlongo wanu,
Tsabola